Lusubilo Ali ku Fakitale

Pa mawu onse a m'dziko la azunguli, amene ankamuwawa kwambiri Anganile anali akuti fakitale. Mawu ena oipa anali atawazolowera. Nkhalamba za kunyumba yosungira okalamba kumene ankagwira ntchito zinkamutukwana tsiku ndi tsiku, ina poisambitsa, ina poidyetsa phala, iye n'kumangoseka ntchito ikuyenda. Koma munthu akangomufunsa kuti, "Kodi Lusubilo uja ali kuti masiku ano?" yankho limene mwana wakeyo anamuloleza linali limodzi lokha: ali ku fakitale, ku Derby.

Tsono Amalawi a ku Leicester fakitale amaidziwa bwino, simungawanamize. Fakitale ndi kumene umathamangira ukangotsika ndege, zinthu zisanalongosoke. Umavala kachipewa ka pulasitiki n'kumalongedza masangweji, kapena kudula nkhuku m'chipinda chozizira mpaka zala kufa dzanzi. Palibe kholo limene limapukuta nkhalamba za eni zaka zonsezi kuti mwana wake wa digiri ya uinjiniya akathere kumeneko. Anganile anabwera ndi Lusubilo kuchokera ku Malawi ali kamwana kongoyamba kumene sukulu, bambo ake atangomwalira, ndipo anamulera yekha m'kanyumba ka lendi ku Highfields. Tsiku limene mwanayo analandira digiri, mpingo wonse unadya mpunga. Ndiye lero anthu omwe aja azimva zoti ali ku fakitale?

Chopweteka kwambiri n'chakuti zoona zake Anganile ankazidziwa. Lusubilo anamuuza m'nyengo yozizira ija gasi anakwera mtengo chifukwa cha nkhondo ya ku Ukraine, pamene anthu ankazimitsa mahita n'kumadya atavala majekete m'nyumba zawo zomwe, akuluakulu a boma ali pa wailesi yakanema kulumbira kuti dziko lino silidzapemphanso moto kwa adani. Tsiku limenelo Anganile anadandaula mpaka misozi, kuti msana wake unathyokera chabe. Lusubilo anamva chisoni. Anatenga mafoni onse awiri n'kukawasiya kuchipinda, anatseka chitseko cha kukhitchini, ndipo anayankhula motsitsa mawu.

Fakitale yake inali yopanga injini za nyukiliya, zoyendetsa sitima zankhondo zimene zimakhala pansi pa nyanja miyezi osavuuka. Mayiko atatu apachibale, Britain, America ndi Australia, anali atapangana zomangira limodzi sitima zoterezi, ndipo mwana wa Anganile anali mmodzi mwa mainjiniya ake. Asanamulembe ntchito anamufufuza mpaka kwa makolo ake, kenako anamupatsa chilolezo chodziwa zinsinsi za boma.

"Chilolezo chimenechi ndiye ntchito yanga, Mami," anatero Lusubilo m'Chichewa chake chopindikapindika cha ana okulira kuno. "Akangondilanda, basi, ndatha. Ndakuuzani chifukwa ndinu mayi anga. Musauze munthu. Ngakhale abusa."

"Ukundiona ngati mwana ine?" anatero Anganile. Ndipo kunena zoona anasunga. Anasunga nthawi yaitali ndithu, mano ali gwaa, anthu akumumvera chisoni chimene sanachipemphe.

Loweruka lina Lusubilo anabwera kunyumba nkhope ili ngwee. Anachitanso mwambo wake uja wochotsa mafoni, kenako anaulula kuti amusankha m'kagulu kopita ku Australia kukaphunzitsa mainjiniya a kumeneko. Ulendo unali wa Lachisanu la sabata yotsatira. Anganile anavina m'kakhitchini kaja mpaka anagunda ketulo.

"Mawa tikauze mpingo akupempherere," anatero atapuma.

"Ayi, Mami."

"Ayi chiyani? Ulendo wodutsa nyanja zonsezo, wopanda pemphero? Unaonapo kuti?"

Apa Anganile sankanena zachibwana. Pakati pa anthu akwathu kuno, munthu sakwera ndege chinunu ngati mbava. Ngakhale wopita ku maliro ku Mzuzu amaimirira kutsogolo, abusa n'kumusanjika manja, amayi n'kuimba. Wonyamuka mwakachetechete ndiye kuti mwina ali ndi mlandu, mwina ndi wodzikonda, akuthawa kunyamulira anzake katundu.

"Tipemphere awiriwiri pompano," anatero Lusubilo. "Mulungu amamva ngakhale m'khitchini."

Anagwadadi pansi pozizirapo n'kupemphera. Koma kwa Anganile pemphero la anthu awiri, lopanda nyimbo, lopanda ameni wa gulu, linali ngati ndiwo zopanda mchere. Anadzuka maondo akuwawa, mtima usanakhute.

Mpingo wawo unkasonkhana Lamulungu masana m'holo ya lendi, ndipo kutsogolo kunkaima kamera youlutsa mapemphero pa intaneti kuti amene ali pa shifiti, ndi abale a kumudzi, azitsatira. Kamerayo inakhalapo nthawi yaitali moti anthu anasiya kuiona. Lusubilo sanapite tsiku limenelo, anabwerera ku Derby m'mawa.

Nthawi ya maumboni itakwana, woyamba kuimirira anali Christabel, wapampando wa amayi, namwino wa pachipatala chachikulu, mayi woti akamakupatsa moni amayamba wakuyeza nsapato. Anathokoza Mulungu chifukwa mwana wake Chiku anali atakwezedwa pa ntchito yake ya zamankhwala. Anatchula udindo wake kawiri, kuopa kuti ena sanamve. Mpaka apa panalibe vuto, umboni umatero. Koma asanakhale pansi anapendeketsa mutu, mawu n'kuwafewetsa ngati wofedwa.

"Komanso abale, tisaiwale kupempherera ana athu ena. Anaphunzira ndithu, tinawadyera mpunga, koma mpaka lero akungozunzika m'mafakitale. Mulungu awakumbukire." Ndipo maso ake anatera pa Anganile, mwachifundo, mpingo wonse ukuona.

Mwano wa m'pemphero ndi woipa kuposa wa pamsika, chifukwa suyankhika. Umayenera kunena ameni. Zaka zonse zopukuta anthu, zaka zodikira basi m'chipale chofewa, kuti lero Christabel amupempherere ngati wamasiye? Anganile sanadziwe n'komwe kuti waimirira liti. Anangopezeka ali kutsogolo, maikolofoni ili m'manja.

"Aleluya!"

"Ameni!"

"Ndati aleluya! Abale, ine ndakhala chete nthawi yaitali, koma lero Mulungu alemekezeke. Mwana wanga Lusubilo sadula nkhuku. Salongedza masangweji. Mwana wanga amapanga injini za nyukiliya za sitima zankhondo za dziko lino!"

M'holo monse nthungululu zinasweka. Zitatero, Anganile analephera kudzigwira. Anatchula dera limene fakitaleyo ili. Anatchula ntchito ya kagulu ka mwana wake, monga momwe anaimvera. Ananena za ulendo wa ku Australia, mzinda wake ndi tsiku lake lomwe, kuti mpingo upemphere molunjika.

"Ndipo tamverani zimene Mulungu amachita! Azungu a ku Australia omwewo ndi amene anabwera kwathu ku Karonga kudzakumba miyala ya yureniyamu. Achimwene anga a Sosten ankayendetsa galimoto pa mgodi pomwepo. Miyala inapita, ife tinatsala ndi koloboyi. Lero mwana wa ku Karonga ndi amene akukawaphunzitsa ntchito!"

Abusa anapempha chithunzi cha Lusubilo kuti asanjike manja. Anganile anachitsegula pa foni n'kuchikweza m'mwamba, moyang'anizana ndi kamera. Christabel anaomba m'manja ndi nsonga za zala zokha, ndipo Anganile anabwerera pampando wake atamwa wamkaka.

Lolemba akuweruka anadzera ku Spinney Hill kukagula ufa m'sitolo ya a Essop. A Essop anali mmwenye wobadwira ku Limbe, wa ndevu zoyera, ndipo Chichewa chawo chinali chakupsa kuposa cha ana ambiri a Amalawi kuno. Atangomuona anatulutsa foni pansi pa kauntala.

"Achemwali, mwatchukatu. Taonani. Wanditumizira ndi mphwanga wa ku Lilongwe, iyenso akuti wamutumizira ndi wa ku Joni."

Anganile anadziona yekha m'kafonimo, dzanja lili m'mwamba. Winawake anali atadula kachigawo ka umboni wake n'kulembapo zilembo zikuluzikulu zakuti mtsikana wa ku Malawi akupangira azungu mabomba. Mtima unamugunda pang'ono, koma kunyada kunaposa.

"Aone," anatero. "Adziwe kuti ifenso tili ndi ana."

A Essop sanaseke. "Bongololo sadzolera mafuta pagulu, achemwali. Anthu awa ine ndakhala nawo nthawi yaitali. Iwo akachulukitsa zida zawo n'kumagawana pachibale, amati ndi chitetezo. Koma wa ndevu ngati zangazi akangogula feteleza wochulukirapo, apolisi amabwera ndi agalu, ati akupanga bomba. Mwana wanu amamukonda akakhala chete. Mwamuuza za kanemayu?"

"Inu gulitsani ufa," anatero Anganile. Analipira n'kutuluka, koma thumba la ufalo linamulemera kuposa masiku onse.

Lachiwiri masana, Anganile ali pa ofu akusita mayunifolomu, chitseko chinatseguka mwamphamvu. Anali Lusubilo, nthawi yoti akanakhala ali kuntchito. Chingwe cha baji ya kuntchito chinali m'khosi, koma baji panalibe.

"Mwachita chiyani, Mami?"

Sanadikire yankho. Anafotokoza ataimirira, jekete osavula, Chichewa ndi Chingerezi zikuphatikizana. Kuyambira Lamulungu madzulo foni yake sinapume. Amayi a kumpingo ankamupempha kuti awanyamulire tinthu kwa abale awo a ku Australia: wina usipa, wina ufa wa mgaiwa, wina nsalu za ukwati. Anthu osawadziwa a kumudzi ankamupempha ntchito. Ndiye Lolemba kunabwera uthenga wa bambo wina waulemu kwambiri, wa dzina lachilendo, wodzitcha mlangizi wa zamagetsi, amene ankadziwa tsiku la ulendo wake ndi mzinda womwe. Ankafuna akamwe naye khofi akakafika. Lamulo la ntchito yake linali lakuti zoterezi azikanena yekha, ndipo anakanenadi.

"Andi-suspenda. Andilanda baji, kompyuta, chilichonse. Alonda awiri andiperekeza mpaka pageti anzanga onse akuona, ngati ndaba. Ulendo wapita. Chilolezo akuchiunikanso, ndipo mwina sachibweza."

"Koma ine ndinayankhula Chichewa!" anatero Anganile. "Mzungu wake uti amamva Chichewa?"

"Foni imamasulira, Mami! Foni yomweyo muli nayoyo! Mukuganiza kuti Chichewa ndi chipinda chokhoma?"

"Usandikalipire m'nyumba mwanga. Ine ndinkakupempherera."

"Ayi. Pemphero tinapemphera apa, pansi apa. Kuja simunkapempherera ine. Munkayankha Anti Christabel."

Mawu amenewa analowa ngati singano, chifukwa anali oona, ndipo palibe chimene chimakwiyitsa kholo kuposa mwana wonena zoona. Anganile anaponya simbi pa thebulo. Anawerengera mwanayo zonse: msana, mashifiti a usiku, nsapato imodzi zaka zingapo, amuna amene anawakana kuti amulere bwino. Lusubilo anangoti chilili, misozi ikutsika koma nkhope ili gwaa. Atatopa, Anganile ananena kuti mawa akwera sitima ya pamtunda ya ku Derby akagwade pamaso pa abwana, akapepese monga kholo, pakuti kwathu mwana akalakwa amakapepesa ndi akuluakulu.

"Mukangoyerekeza kufika pageti paja, ndiye mwandimaliziratu," anatero Lusubilo. "Khalani pansi. Abwera okha kudzakufunsani. Ndipo chonde, Mami, chonde, muzikayankha zimene akufunsani basi."

Anabweradi patapita masiku. Anali mayi mmodzi yekha wofufuza wa boma, mzungu wa jekete lotuwa, wa mawu ofatsa, amene anavula nsapato pakhomo asanauzidwe. Anganile ankayembekezera chimunthu cholusa choti akangane nacho, ndiye ulemu umenewu unamunyansa kwambiri. Lusubilo anauzidwa kuti adikire kunja kwa chipinda, ndipo anakhala pa masitepe, chitseko chili chotseka mosakwanira.

Mafunso anayamba bwinobwino. Anabwera liti kuno? Mpingo wawo ngwotani? Anauzidwa liti za ntchito ya mwana wake, ndipo anauzidwa zotani? Anganile ankayankha mwachidule m'Chingerezi chake cha kuntchito, manja ali pa maondo, monga anamulonjezera Lusubilo. Kenako mayi uja anafunsa za a Sosten. Ankagwira ntchito yanji pa mgodi wa yureniyamu? Amacheza ndi anthu a mayiko ati? Anayamba afunsapo za ntchito ya Lusubilo? Alipo amawatumizira ndalama kuchokera kunja?

A Sosten! Munthu woti pano amalima chinangwa, foni yake amakatchajitsa pa golosale chifukwa kwawo magetsi sanafike. Ameneyo ndiye aziopseza mayiko atatu a sitima zankhondo? Lonjezo lija linaduka ngati ulusi.

"Mayi, ndikufunseni nanenso," anatero Anganile. "Abale anu a ku Australia pamene ankabwera kwathu kudzakumba miyala ija, ndani anawafunsa za achimwene awo? Ndani anawafunsa kuti amacheza ndi yani? Tinawavinira ife! Magalimoto ankadutsa pakhomo pathu kunka kudoko, ife tikuyatsa koloboyi. Miyala yathu munaikhulupirira, siinafunsidwe mafunso. Ikayatse magetsi kwanu, mukaothe. Koma mwana wochokera pa dothi lomwelo ndiye wokayikitsa?"

"Ndikumva kuti mwakhumudwa," anatero mayi uja mofatsa.

"Simukumva kanthu! Ine ndimasambitsa amayi anu. Ndimawapukuta. Chaka chija gasi anadula, ndinkawafunditsa mabulangete awiriawiri ana awo osabwera n'kudzawaona komwe. Makiyi a mankhwala mumandipatsa, matupi a makolo anu mumandipatsa, pamenepo ndine wokhulupirika. Inu nokhanokha mukugawana moto woti ungathe kupsereza dziko lonse, wina akaufuna mumati ndi chigawenga, ndipo palibe amakufunsani. Ine kungothokoza Mulungu wanga m'chinenero changa, mlandu?"

Zonsezi zinali zakupsa, ndipo Anganile akuzinena ankamva kukoma ngati munthu amene watula mtolo wa nkhuni. Mayi uja sanatsutse ngakhale chimodzi. Anangodikira mpaka mphepo itadutsa, kenako anafunsa funso lake lomaliza, mofatsa momwemo.

"Tinene kuti mwana wanu wabwerera pa ntchito. Kodi mukuona kuti angathe kukubisirani zinthu? Mutamufunsa, angakane kukuuzani?"

Munthu wodekha akanaona msampha pamenepa. Koma Anganile anali atakwera kale pa mkwiyo wake, ndipo anamva ngati mzunguyo akunyoza kaleredwe kake, akumufunsa ngati analera mwana wamwano.

"Mwana wanga sandibisira kanthu!" anatero akudziguguda pachifuwa. "Ndinamubereka ndine. Kwathu mwana sabisira mayi ake. Ndikamufunsa amandiuza, ndipo adzandiuza mpaka ndidzafe. Zobisirana ndi makolo ndi zanu zomwezo, n'chifukwa chake mumawataya m'nyumba za okalamba."

Mayi uja anagwedeza mutu pang'ono, anathokoza chifukwa cha tiyi amene sanamwe, n'kukavala nsapato zake. Anganile atatuluka m'chipindamo anapeza Lusubilo ali pa masitepe paja, atagwira mutu ndi manja onse awiri.

"Ndamuuza," anatero Anganile, akupumabe mwamphamvu. "Wamva mmene ndamuuzira?"

"Ndamva," anatero Lusubilo. Sanakalipe ayi. Anadzuka n'kukwera kuchipinda chake, ndipo kufatsa kumeneko kunamuopsa Anganile kuposa phokoso la tsiku lija.

Masabata amene anatsatira anali oipa. Lusubilo, amene tsopano ankakhala kwa mayi ake, ankaitanidwa kawirikawiri kukafunsidwa. Ankadya yekha. Anganile ankapita ku shifiti ndi mkwiyo, n'kubwerako nawo. Anakwiyira Christabel, anakwiyira mnyamata wa kamera, anakwiyira abusa amene anapempha chithunzi, a Essop chifukwa cholosera, azungu chifukwa cha zonse. Munthu mmodzi yekha ndi amene ankamulambalala pa mndandanda umenewu, ndipo ankakumana naye m'galasi m'mawa uliwonse. Kumpingo ndiye anali atasanduka mfumukazi. Ankamupatsa mpando wakutsogolo, amake a injiniya wa nyukiliya, ndipo iye ankakhalapo ngati wakhalira minga.

Tsiku lina pochokera kuntchito anapeza galimoto yaing'ono ya katundu itaima pakhomo, Lusubilo akulongedzamo mabokosi. M'khosi mwake munali baji yatsopano, yotembenuzira kuchifuwa kuti zolembedwapo zisaoneke.

"Akubwezera!" anafuula Anganile. "Ambuye alemekezeke! Ndinadziwa ine!"

"Andibwezera," anatero Lusubilo. "Koma osati pamalo pomwe paja, ndipo ulendo uja anapita wina." Anaika bokosi pansi n'kutulutsa kabuku m'thumba la jekete. Inali pasipoti yake ya Malawi, itadulidwa pakona. "Iyi yatha ntchito, unzika wa Malawi ndausiya. Ndatsala ndi ya kuno yokha. Mukhoza kuisunga ngati mukufuna."

Anganile anailandira ndi manja awiri. Munali chithunzi cha Lusubilo ndi dzina la bambo ake, ndi malo obadwira: Karonga.

"Akukakamiza? Agalu amenewa, akulanda ndi kwanu komwe?"

"Sanandikakamize. Anandifunsa kuti ndili mbali iti, ndipo ndinayenera kuwaonetsa. Si inu mumati mapanga awiri avumbwitsa?" Anatseka chitseko cha galimoto. "Anandifunsanso za zimene munanena zija, zoti sindingakubisireni kanthu. Pamenepo ndiye panali povuta kuposa pasipoti. Ndinawalonjeza kuti ndiwaonetsa kuti munalakwitsa."

"Ndiye ukupita kuti?"

"Andisamutsa."

"Ndamva, koma kuti? Ku Derby komwe kuja? Kumpoto? Kunyanja?"

Lusubilo anamuyang'ana. Maso ake anali a bambo ake, ofiira chifukwa chosagona.

"Ndizikuimbirani Lamulungu lililonse, Mami. Mukadwala ndibwera. Khirisimasi ndibwera."

"Iwe Lusubilo, ndikukufunsa ine mayi ako. Ukukakhala kuti?"

"Ku fakitale," anatero mwanayo. Anamukumbatira mwamsanga, ngati mmene amachitira azungu pa siteshoni, n'kukwera galimoto.

Anganile anatsala pa msewu atagwira kabuku kodulidwa kaja. Anafuna kutukwana, koma panalibe womutukwana. Galimoto inakhota pa sitolo ya pakona, ndipo basi imene inkabwera m'mbuyo inaitchinga.

Lusubilo sananame, ankaimbadi. Lamulungu lililonse m'mawa foni inkalira, n'kukamba za mvula, za msana wa mayi ake, za mtengo wa gasi. Anganile ankatchera khutu kuti mwina amva kulira kwa mbalame za kunyanja kapena dzina la siteshoni kumbuyoko, koma kunkangomveka zii, ngati mwanayo akuimbira m'kabati. Akafunsa kuti kuntchito kuli bwanji, yankho linali liwu limodzi la Chingerezi, lomwe lija amayankha anthu ongokumana nawo m'basi: "Fine."

Lamulungu lina atatuluka m'mapemphero, amayi ataunjikana pa tiyi, Christabel anamuyandikira. Masiku amenewa anali atasintha, ankamutcha asisi ndi kumusungira mandasi.

"Asisi, nanga injiniya wathu uja? Sitikumuonatu. Anabwerako ku Australia? Ali kuti masiku ano?"

Amayi onse anasiya makapu n'kutembenuka, nkhope zili mwee, kudikira nkhani ina yokoma. Anganile anayang'ana tiyi wake.

"Ali ku fakitale," anatero.

Christabel anaseka n'kumugunda paphewa. "Iii, asisi, mwayambanso kutibisira? Ife tikudziwa kale zonse. Tangotiuzani, ndi ya ku Derby yomwe ija?"

Ulendo uno Anganile sankabisa chilichonse. Zimene ananenazo n'zokhazo zimene ankadziwa za mwana wake.